Wotuluka kundende asakhale manja lende

Zikomo amfumu, zikomo nonse. Za mwana wathu uja anatoledwa m'ngalande Loweruka atakhuta kachasu, sabata zitatu zokha chitulukire kundende, mwazimva. Dzina sinditchula, mayi ake ali pompano. Koma nkhope ya Yesu ija anajambula ndi makala pakhoma la chigayo, ndani sanaione? Ena munaseka, amvekere chamba chamuzunguza mutu. Inu amene, akulu a mpingo! Ine ndikuti wotuluka kundende asakhale manja lende.

Ku America, mumzinda wa Miami, kunali wojambula zithunzi wina dzina lake Purvis Young, wobadwa mu 1943. Ali mnyamata anathyola nyumba, nakagwira ukaidi zaka zitatu kundende ya Raiford, ndipo kujambula anakulimbikira komweko. Sukulu ya luso sanapiteko, ankangoyang'anitsitsa m'mabuku zithunzi za akatswiri ojambula akale, Rembrandt ndi Van Gogh. Atatuluka ankatola matabwa ndi zitseko zotayidwa n'kumapakapo utoto: angelo, akavalo, anthu atakweza manja kumwamba. M'zaka za m'ma 1970 anazikhomerera pa nyumba zosiyidwa ku Goodbread Alley, m'dera la Overtown ku Miami komweko. Anamwalira mu 2010, koma zithunzi zake zina zikusungidwa ku Smithsonian, nyumba yotchuka yosungiramo zaluso ku Washington. Zapadzala zimenezo!

(Bambo wina: "Nanga zithunzizo azidya?")

Mwafunsa bwino, bambo. Dzina lili pagolosale yanu lija analemba ndani? Simunamulipire? Masaluni, zikwangwani, mabutchala, onsewo amafuna wojambula. Komabe ndalama si nkhani yoyamba. Chibaba cha mowa chimabwera munthu akakhala yekha pakhonde, anzake akale akumuimbira likhweru kumsewu. Nthawi imeneyo m'manja mwake muli chiyani? Kupemphera tizipemphera ndithu, amayi a Mvano mumayesetsa. Koma mukanena ameni n'kunyamula zitenje zanu, iye amatsala ndi tsiku lonse lathunthu, manja lende. Malume anga anasiya mowa kanayi, ndipo kanayi konse anabwererako m'chilimwe, ntchito yakumunda itatha.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Utoto wotsala pomanga bweretsani kwa amfumu. Mwana wathuyu ndalama musamupatse m'manja, mugulireni burashi. Akasiya mowa n'kuyamba kunjenjemera kapena kuona zinthu zoti palibe, thamangirani naye kuchipatala, osamumanga zingwe. Manja lende ayi. Za khoma la sukulu ya mkaka loti ajambulepo tikambirana Lachinayi, akomiti mutsalire.