Ma decal a Spitfire ya ku Burma: kusankha ndi kumata kwake

Muli bwanji nonse okonda kupanga tindege? Lero tikambe za ma decal, tizindikiro tosindikizidwa pa kafilimu koonekera tomata pa tindege, makamaka ogula padera, ngati a Xtradecal a ku England kapena a Techmod a ku Poland. Chitsanzo chathu ndi Spitfire Mk VIII ya sikelo ya 1/72 (kuchepetsa ndege yeniyeni ka 72), ndege imene inkauluka ku Burma mu 1944, chaka chimene asilikali a King's African Rifles (KAR) ochokera ku Nyasaland ankamenya nkhondo m'nkhalango za komweko.

Musanatulutse ndalama, yang'anani sikelo kaye. Mapiko a Spitfire yeniyeni ndi otalika mamita 11.2 kuchokera kunsonga ya phiko lina mpaka kunsonga ya linzake. Pa 1/72 amakhala masentimita 15.6, pa 1/48 amaposa 23, ndiye decal ya 1/48 pa kandege kathu ikula mpaka kusefukira. Kenako onani chaka ndi dera. Ku Burma, kuyambira mu 1943, a RAF, gulu lankhondo la ndege la Britain, anachotsa mtundu wofiira pa zizindikiro zawo zozungulira zija, poopa kuti anzawo angaziyese dzuwa lofiira la ndege za Japan n'kuziwombera. Panatsala buluu wakuda kunja, buluu wowala pakati, ndipo kachizindikiro ka kumchira nako n'chimodzimodzi. Mukaona chofiira pakati, mzere woyera wopyapyala ndi wachikasu kunja, chimenecho si cha Burma ya 1944.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa. Osamata decal pa penti yosawala. Penti yotere imaoneka yosalala, koma ili ndi timaenje tosaoneka ndi maso. Decal ikagona pamwamba pake, mpweya umatsekeredwa m'timaenjemo, ndiye ikauma kafilimu koonekera kaja kamayera mbuu ngati siliva. N'chimene amachitcha silvering. Mankhwala ake ndi vanishi yowala: pakani kandege konse mopyapyala, kawiri ngati kukufunika, mukasiye maola 24 pamalo opanda fumbi. Chala chikamatereraka, ndiye kuti pakonzeka.

Muike pafupi sosala ya madzi ofunda, osati otentha, kalumo katsopano, tweezers, burashi yofewa, thonje lija lotokosera m'makutu, ndi timabotolo tiwiri ta mankhwala othandiza decal kumata bwino, a kampani ya Microscale: Micro Set ya zilembo za buluu ndi Micro Sol ya zilembo zofiira. Musazisokoneze. Ya buluu imayamba, yofiira imatsiriza.

Dulani decal imodzi yokha nthawi imodzi. Yambani ndi ina imene simukuifuna, muone khalidwe la pepala lanulo. Ikaphwanyika m'madzi ndiye kuti yakalamba. Zikatero, pakani pepala lonse Liquid Decal Film, mankhwala olimbitsa decal yakale, liume, kenako muzidula motsata m'mphepete mwenimweni mwa chizindikiro chilichonse.

Viikani masekondi 10 mpaka 15 basi. Vuulani, muiike pa kansalu, mudikire mpaka iyambe kusuntha mukaikhudza ndi burashi. Mukaisiya m'madzi mpaka kuyandama yokha, guluu wake amasungunuka n'kutsalira m'sosala. Mukaikoka isanafewe, ing'ambika. Podikirapo, pakani Micro Set pamalo pomwe ikhale. Bweretsani pepala lonselo paphikopo, gwirani m'mphepete mwa decal ndi burashi, ndiye kokani pepalalo pansi pake pang'onopang'ono. Musainyamule m'malere, chifukwa zambiri zogula paderazi n'zopyapyala kwambiri, zimapindika n'kumatana zokha. Ikapindika, ibwezeni m'madzi, itambasuka.

Ikonzeni ndi burashi yonyowa mpaka ifanane ndi ya phiko linalo. Yezani kuchokera kunsonga ya phiko ndi rula, maso amanamiza. Mukakhutira, gubuduzani thonje kuchokera pakati kupita kunja. Kugubuduza, osati kupukuta, kuti madzi ndi mpweya zituluke decal osasuntha.

Kenako Micro Sol, kadontho kamodzi pamwamba. Pakapita mphindi zochepa muona decal ija yachita makwinya ngati yawonongeka. Chonde abale, manja kumbuyo! Panthawi imeneyo yafewa ngati phala, mukaikhudza mwaiboola. Isiyeni maola angapo, iwongoka yokha n'kulowa m'timizere tonse ta phiko ngati yojambulidwa ndi penti. Ikakana kugona pa kachotupa, ichekeni pang'ono ndi kalumo itauma, mudonthezenso. Amene muli ndi Mr. Mark Softer, mankhwala ena ofewetsa decal, yesani kaye pa decal yotsala, chifukwa ndi yaukali ndipo zopyapyala imatha kuzisungunula.

Manambala a ndege ndi timawu ting'onoting'ono ta chenjezo ndi tomwe timakonda kuyera, popeza kafilimu kake ndi kambiri kuposa inki. Mukaona payera, bayani timabowo ndi singano, donthezani Micro Sol ilowe pansi. Kawiri kapena katatu zimatheka.

Mawa lake pukutani kandege ndi kansalu konyowa kuti muchotse madontho a guluu, apo ayi adzaoneka pansi pa vanishi mpaka kale. Pakaninso vanishi yowala kamodzi kuti m'mphepete mwa ma decal mubisike, iume, ndiye mutsirize ndi yosawala. Galasi la pamalo a woyendetsa likhale lophimbidwa ndi tepi mpaka yomalizayi itauma, chifukwa ikagwerapo limachita chifunga.