Kusankha pampu ya vakyumu yotsika mtengo pa ntchito ya mafiriji ndi ma aircon

Zikomo nonse abambo ndi amayi chifukwa chosiya mabenchi anu n'kubwera kuno. Nkhani imene yatisonkhanitsa ambiri mwaimva kale. Mayi wina wogulitsa nsomba mumsika muno anakonzetsa firiji yake, mmisiri anaika kompresa yatsopano n'kuthira gasi, koma mwezi usanathe chambo chonse chinaonongeka m'kutentha kwa Okutobala kuno. Firijiyo inkazizira pang'ono kenako n'kuleka, ndipo akaizimitsa kwa kanthawi inkayambanso bwino. Amene mwakhalitsa pa ntchitoyi mukudziwa tanthauzo lake: m'mapaipi munatsala chinyezi, chimene chinkaundana n'kutseka kachubu kopyapyala kaja ka capillary, ndipo firiji ikazimitsidwa chinkasungunuka. Kompresa inalibe mlandu, koma mmisiriyo anathira gasi asanakoke vakyumu.

Musathire gasi musanachotse mpweya ndi chinyezi. Kuchita zimenezo kuli ngati kusunga ufa m'thumba lonyowa, chifukwa oyilo amene amayenda ndi gasi wa R134a kapena R410A amamwa chinyezi msanga, kenako amapanga asidi amene amadya mawaya a m'kati mwa kompresa. Ntchito ya pampu ya vakyumu ndi kutsitsa mphamvu ya mpweya m'mapaipi mpaka madzi atawira popanda moto n'kutuluka ngati nthunzi. Kuya kwa vakyumu timakuyeza m'ma micron. Mpweya wa tsiku ndi tsiku umene tikupumawu ndi pafupifupi ma micron 760,000 m'mphepete mwa nyanja ya mchere, ndipo ife tiyenera kutsika kufika pa 500.

Tsono ndalama n'zovuta, ndikudziwa, koma pali malo amene mungapulumutsirepo ndalama ndi ena amene simuyenera kutero. Mutha kupulumutsa pa kukula kwa pampu. Pa bokosi pamalembedwa CFM, ndiko kuti kuchuluka kwa mpweya umene pampuyo imakoka pa mphindi imodzi, ndipo ena a inu mumathamangira nambala yaikulu ngati kuti ndiyo nzeru. Wokonza mafiriji a m'nyumba ndi a m'magolosale, ya 3 CFM imamukwanira. Wa ma aircon a m'maofesi angatenge ya 5 kapena 6. Zazikulu kuposa apo asiyireni a zipinda zozizira zosungiramo nyama. Pamene simuyenera kuumira ndi apa: gulani ya two-stage, imene imakoka mpweya kawiri motsatizana, chifukwa imatsika mozama ndiponso mofulumira kuposa ya single-stage. Ya two-stage yaing'ono ya dzina losatchuka iposa ya single-stage yaikulu yonyezimira.

Eya achimwene kumbuyoko, funso lanu ndalimva. Mukuti bwanji osangogwiritsa ntchito kompresa yakale ya firiji monga ambiri amachitira, popeza singano ya geji imatsika ndithu. Imatsikadi, sindikukana, koma geji ya buluu ija yoyezera mphamvu ya gasi siingathe kusiyanitsa ma micron 5,000 ndi 500, chifukwa zonsezo zimaoneka pa kadontho kamodzi pafupi ndi 30, nambala yotsiriza ya vakyumu pa gejiyo. Komanso kumalo okwera ngati Lilongwe ndi Mzuzu singano siifika n'komwe pa 30, poti mpweya wake ndi wopepukirapo, choncho munthu amangoyerekeza. Kompresa yakale inapangidwa kuti izikankha gasi, ndipo imachotsa mpweya wambiri koma siifika pamene madzi amawira n'kutha. Mudzaganiza kuti mwamaliza, kasitomala adzakulipirani, ndipo pakapita masabata angapo adzabwera ndi nsomba zowola ndi mawu amene sindingawabwereze pano. Nchifukwa chake ndikuti ndalama zimene mwapulumutsa pogula pampu yaing'ono muguleko micron gauge, kachipangizo koyezera kuya kwa vakyumu m'ma micron. Ngati simungakwanitse nokha, sonkhani atatu kapena anayi muzibwerekana. Ndibwerezanso, musathire gasi musanachotse chinyezi, ndipo musanene kuti chachoka musanayeze.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana mafoni, ndiye zotsalazi ndithamanga nazo. Yang'anani kachitsulo ka pa mota: magetsi athu ndi 230 V, 50 Hz, pamene mapampu ambiri a kaunjika ochokera ku America ndi a 115 V, ndipo mukangolumikiza apsa. Sankhani yokhala ndi valavu yotseka, kuti magetsi akazima mwadzidzidzi oyilo wa pampu asakokedwere m'mapaipi a kasitomala. Funsani ngati oyilo wake amapezeka, ndipo musathiremo wa galimoto. Akayamba kuoneka ngati mkaka pa kagalasi koonera oyilo ka pa pampu, wamwa madzi, mutayeni akadali wofunda n'kuthira wina. Mafiriji ambiri atsopano ali ndi R600a, gasi amene amayaka, choncho funsani ngati pampuyo inapangidwira gasi woyaka, gwirirani ntchito pamalo podutsa mphepo, ndipo fodya ndi mbaula zikhale kutali. Mapaipi olumikizira akhale aafupi ndi aakulu. Musanalipire, lumikizani micron gauge pa pampu yokhayo m'sitolo momwemo muone ngati ikutsika pansi pa 100.

Pa ntchito penipeni, mukafika pa 500 tsekani valavu, zimitsani pampu, dikirani mphindi 10 kapena 15. Nambala ikakwera pang'ono n'kuima, chinyezi chikadalimo, kokaninso. Ikamangokwerabe osaima, penapake pakudontha, ndipo mufune pamenepo muwotcherere musanatsegule botolo la gasi.