Sitiroko yobwera chifukwa cha kung'ambika kwa mtsempha wa m'khosi

Omvera athu a ku Chinamwali, Matawale, Thondwe mpaka ku Jali, tcherani khutu. Sitiroko si ya nkhalamba zokha ayi. Mnyamata akagwa pa kabaza, kapena mayi akapotoka khosi atasenza mtolo, mtsempha wopititsa magazi ku ubongo utha kung'ambika chamkati. Pong'ambikapo magazi amaundana, kachibulumwa n'kuthothoka kukatseka njira mu ubongo, mwina patapita masiku.

Zimakonda kuyamba ndi kupweteka kwa khosi ndi mutu mbali imodzi, chikope n'kugwa. Kenako kamwa kupotoka, dzanja kulefuka, lilime kulemera. Mukaona zimenezo, yang'anani wotchi. Adokotala adzakufunsani nthawi imene munamuona komaliza ali bwinobwino, chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana, alteplase, amaperekedwa maola 4 ndi theka asanathe. Ndi okwera mtengo, sapezeka paliponse, komabe thamangirani ku Zomba Central Hospital. Chonde musamutsule khosi, musam'mwetse madzi, angatsamwe. Asipirini musam'patse.

Kuchipatala amayeza shuga kaye, poti shuga akatsika amaoneka ngati sitiroko. Kenako sikani ya mutu, CT. Popanda sikaniyi mankhwalawa saperekedwa, chifukwa ngati mtsempha waphulika mu ubongo, magazi amangokhuthukirathukira. BP ikhale pansi pa 185/110. Mlingo wa alteplase ndi mamiligalamu 0.9 pa kilogalamu iliyonse, osapyola 90. Munthu wa makilogalamu 60 alandira 54: oyamba 5.4 pa mphindi imodzi, otsalawo mudiripi kwa ola lathunthu.

Ena amaopa kuti wodwala akalandira mankhwalawa, mtsempha wong'ambika uphulikiratu. Ngati wang'ambikira m'khosi, kunja kwa chigaza, mankhwalawa amaperekedwa ndithu. Choopsa ndi kung'ambika kwa mtsempha waukulu wochoka mumtima, aorta. Ndiye wodwala akamadandaula kupweteka pachifuwa kolasa kumsana, nenani msanga, pamenepo alteplase angathe kupha. Nenaninso ngati anavulala mutu kwambiri kapena anachitidwa opaleshoni posachedwa, kapenanso amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana a warfarin.

Diripi ikayamba, anamwino amamuyeza mphindi 15 zilizonse kwa maola awiri. Mutu ukayamba kupweteka kwambiri mwadzidzidzi, akayamba kusanza, lilime likatupa, itanani anamwino nthawi yomweyo, diripi iimitsidwe. Asipirini amadikira maola 24 ndi sikani yachiwiri, kenaka amamwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yosachepera itatu pamene mtsemphawo ukupola.