Mawu a M'mawa: Kodi Katundu Uja Anafika?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye.

Mumzinda wa Pittsburgh ku America, tsiku la masewero a baseball amatseka mlatho wina wa pa mtsinje wa Allegheny kuti galimoto zisadutse. Anthu amawoloka wapansi, makolo atanyamula ana paphewa, ulendo wa ku bwalo la PNC Park. Kutsidyako amakumana ndi chiboliboli chamkuwa cha Roberto Clemente, ndipo ambiri sadutsa osajambulitsa. Mlathowo umatchedwa dzina lake. Ngakhale khoma lina la m'bwalomo analimanga lotalika mafiti 21 potsatira nambala ya pa malaya ake.

Mkuluyu anali wa ku Puerto Rico ndipo anasewerera timu ya Pittsburgh Pirates zaka 18. Luso linalipo, palibe amatsutsa. Koma chimene chandigwira mtima m'mawa uno ndi china.

Pa 23 Disembala 1972 chivomezi chinagwetsa mzinda wa Managua ku Nicaragua. Clemente anasonkhanitsa chakudya, zovala ndi mankhwala n'kutumiza pa ndege. Kenako anamva zoti katunduyo akuthera m'manja mwa akuluakulu akatangale, ovutikawo osalawako. Apa ambirife tikanasamba m'manja n'kunena kuti ine mbali yanga ndachita, zotsalazo adziwa ndi Mulungu. Iye ayi. Anaganiza zokwera nawo ndege yotsatira kuti akaone ndi maso ake katunduyo akuperekedwa. Usiku wa pa 31 Disembala ndegeyo, yomwe inali italemedwa ndi katundu, inagwera m'nyanja itangonyamuka ku San Juan. Anali ndi zaka 38. Thupi lake silinapezeke, ngakhale mnzake wa m'timu, Manny Sanguillén, anasiya mwambo wa chikumbutso n'kukadumphira yekha m'madzimo kumufunafuna.

Pa Luka 10:35, Msamariya uja sanangosiya ndalama kwa mwini nyumba ya alendo. Analonjeza kuti abweranso. Kupereka timapereka ndithu, chimene chimatilaka ndi kubwererako. Fizi ya mwana wamasiye uja munatumiza, koma mwafunsako ngati ali m'kalasi? Mayi wamasiye amene tinamusonkhera pa maliro aja, ndani wakamuonako chichotsereni matenti?

Tipemphere. Atate, tikumbutseni lero munthu amene tinamuthandiza kamodzi n'kumuiwala, ndipo mutipatse mphamvu zopita kukamuona dzuwa lisanalowe. M'dzina la Yesu, Amen.