N'chifukwa chiyani amaitcha White House? Moto wa 1814, laimu ndi akapolo

Muli bwanji abale anga, takulandiraninso. Lero tili ku Washington, pa 1600 Pennsylvania Avenue, pamene pali nyumba ya pulezidenti wa Amereka. Funso limene mwakhala mukunditumizira ndi ili: kodi dzina lakuti White House limatanthauza nyumba ya azungu? Musachoke, chifukwa nkhani ya khungu ilimodi, koma siili pamene ambiri amaloza.

Choyamba, mwachangu. Anayamba kumanga pa 13 October 1792. Mapulani anajambula James Hoban wa ku Ireland. George Washington, pulezidenti woyamba, sanagonemo, woyamba kulowa anali Pulezidenti John Adams mu November 1800. Basi, tipitirire.

Chachiwiri, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa bodza ili limandipweteka mutu. Mwina munamvapo kuti asilikali a Britain atatentha nyumbayi, Amereka anaipaka utoto woyera kuti abise mwaye, dzina n'kubadwira pomwepo. Nkhani yokoma m'khutu. Motowo unachitikadi, pa 24 August 1814, ndipo munangotsala makoma. Koma nyumbayo inali yoyera kale!

Tamverani. Makomawo anamangidwa ndi miyala ya mchenga yochokera ku Aquia Creek, ku Virginia. Mwala umenewu umamwa madzi ngati njerwa yosapsa bwino. Kumeneko kukazizira, madzi olowa m'mwala amaundana n'kufufuma, mwala n'kuyamba kung'aluka. Ndiye mu 1798 amisiri anapaka makoma onse laimu kuti atseke timabowoto. Laimu yemweyu, amene timapaka pakhoma la nyumba kapena pamiyala ya m'mphepete mwa njira kukamabwera alendo. Werengani nane: kuchoka 1798 kufika 1814 ndi zaka 16. Zaka 16 nyumba ikuwala mbee, moto usanafike.

Wina ati, chabwino, koma dzinalo? Nalonso linalipo. Mu March 1812, phungu wina wa ku Massachusetts, Abijah Bigelow, analemba m'kalata kuti kuli mavuto ku White House, n'kuwonjezera kuti ndi mmene iwo amaitchulira nyumba ya pulezidenti. Zaka ziwiri moto usanayake. Ndiye ndikaona munthu akufotokoza za mwaye molimba mtima, anthu mazanamazana n'kumagawana, zimandiwawa. Utoto weniweni unabwera mu 1818, atamanganso, koma unapeza dzina lili pakamwa pa anthu.

Ngati mwaphunzirapo kanthu, dinani subscribe ndi kabelu kali m'munsiko, mutumizirenso mnzanu uja amakonda kutsutsa pa WhatsApp. Zimatithandiza kwambiri.

Chachitatu n'chachifupi. M'makalata a boma ankalemba President's House kapena Executive Mansion, mpaka Pulezidenti Theodore Roosevelt anakhazikitsa dzina la White House mu October 1901.

Tsopano chachinayi, khungu. M'Chingerezi mawu akuti white amanena mtundu wa chinthu komanso mzungu, n'chifukwa chake kukayika kumabwera. Ife m'Chichewa tilibe vutoli: khoma ndi loyera, munthu ndi mzungu. Palibe umboni wakuti dzinali linasankhidwa pofuna kunena kuti muno ndi mwa azungu okha. Koma musafulumire kupuma, achimwene ndi achemwali. Mwezi womwewo wa October 1901, pa 16, Roosevelt anaitana Booker T. Washington, mphunzitsi wakuda amene anabadwira mu ukapolo, kudzadya naye chakudya chamadzulo. Nyuzipepala za kumwera kwa Amereka zinalusa ngati wapalamula mlandu wakupha. Munthu wangodya patebulo! Ambiri nthawi imeneyo ankaionadi ngati nyumba ya azungu, ngakhale dzinalo linachokera ku laimu.

Nanga miyala ija anaswa ndani? Pamodzi ndi amisiri ochokera ku Scotland ndi ena olembedwa ntchito, panali akapolo akuda. Ankaswa miyala ku Aquia, kucheka matabwa, kuumba njerwa. Boma linkawabwereka kwa eni ake, ndipo malipiro a mwezi ankapita m'thumba la mwini kapolo. M'mabuku a malipiro muli mayina a akalipentala: Ben, Daniel, Peter, Harry. Dzina limodzi basi, opanda la bambo. Ndikawawerenga ndimaima kaye.

Ngakhale tsiku la moto lija munali kapolo m'nyumbamo. Paul Jennings, mnyamata wa zaka 15 wa Pulezidenti James Madison, anali atayala tebulo la chakudya uthenga utafika wakuti adani ayandikira. Iye anali m'gulu la anthu amene anapulumutsa chithunzi chachikulu cha George Washington, chimene chili m'chipinda cha East Room m'nyumbamo mpaka lero. Ufulu wake anaupeza mu 1847, ndipo anachita kubweza ndalama zimene anamuombolera. Mu 2016 Michelle Obama atanena kuti amadzuka m'nyumba yomangidwa ndi akapolo, ena anakwiya, koma mabuku a malipiro aja akumuikira umboni.

Sabata yamawa tikwera pamwamba pa Capitol, nyumba ya malamulo ya Amereka, kukaona chiboliboli cha Freedom ndi Philip Reid, kapolo amene anathandiza kuchiumba. Kabelu kaja mwadina? Tionana.