Kulibe GPS, nanga amalinyero akale ankadziwa bwanji pomwe afika?

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tili m'sitima ya matanga, zaka za m'ma 1700, mbali zonse madzi okhaokha. Kaputeni adziwa bwanji pomwe ali? Musanayankhe, dinani subscribe, ndi ulele.

Choyamba, kampasi. Imakuuzani kolowera, basi.

Chachiwiri, liwiro. Ankaponya kathabwa m'madzi kumbuyo kwa sitima, katamangidwa kuchingwe chokhala ndi mfundo pafupifupi pa mamita 14 aliwonse. Wina atembenuza kagalasi ka mchenga ka masekondi 28, mnzake akuwerenga mfundo zikupululuka m'manja mwake. Mchenga ukangotha, gwi! chingwe. Zikadutsa mfundo 7, ndiye kuti sitima ikuthamanga mamailosi apanyanja 7 pa ola.

Chachitatu, kulemba. Liwiro, kolowera, mphepo, zonse m'buku la ulendo. Dzuwa likafika paliwombo ankaliyeza kuti adziwe kuti ali kumpoto kapena kummwera motani. Za kummawa ndi kumadzulo ankadalira masamu a m'bukumo, ndipo ukaphonya Lolemba, cholakwacho chikulondola sabata yonse. Vutoli linachepa mmisiri wa mawotchi wa ku England, John Harrison, atapanga wotchi yosasokonekera panyanja, yomwe inayesedwa paulendo wa ku Jamaica mu 1761: poyerekeza nthawi ya kwawo ndi nthawi ya pomwe afika, ankadziwa kuti apita kummawa kapena kumadzulo motani.

Tsopano khalani bwino, pali bodza limene limandinyansa. Akuti Christopher Columbus ponyamuka ku Spain mu 1492 kuti akafike ku Asia podzera kumadzulo, anthu ankaopa kuti dziko ndi lafulati, sitima ikagwera kuphompho. Ayi ndithu! Mmalinyero aliyense ankaona sitima ikamapita kutali, thunthu limayamba kubisika, matanga n'kutsalira. Katswiri wa Chigiriki, Eratosthenes, ali ku Egypt, anali atayeza kale kukula kwa dziko lapansi zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe. M'chaka chomwecho cha 1492, Mjeremani wina, Martin Behaim, ankapanga mapu a dziko lapansi obulungira ngati mpira ku Nuremberg, ku Germany, ndipo alipo mpaka lero.

Nanga mkangano unali pati? Pa mtunda. Columbus ankati kuchokera kuzilumba za Canary, kufupi ndi Africa, kukafika ku Japan podzera kumadzulo ndi makilomita osakwana 5,000, pomwe ndi pafupifupi 20,000. Akatswiri omwe ankamutsutsa pa nthawiyo ankanena zoona, wolakwa anali iyeyo! Pakanapanda America panjirapo, madzi akumwa akanawathera onse. Nkhani ya dziko lafulatiyi anaifalitsa kwambiri ndi wolemba mabuku wa ku America, Washington Irving, mu 1828, ndipo mpaka pano ena akuiphunzitsabe ana. Amene munamva zimenezi m'kalasi, talembani m'munsimu, ndikufuna ndione kuchuluka kwanu.

Chachinayi, ndatsala pang'ono kuiwala: chingwe chokhala ndi mtovu kumapeto. Poyandikira kumtunda ankachiponya kuti ayeze kuya, kunsi kwa mtovuwo atamatako mafuta olimba kuti abwere ndi mchenga kapena tizigoba ta pansi. Sabata yamawa tikamba za wotchi ya Harrison ndi mphoto ya mapaundi 20,000. Dinani kabelu kaja.