Kapamba wotupa ndi magazi ochepa: matenda amene malungo amasiya m'thupi

[Wolankhula akuloza kumanzere kwa mimba yake]

Ikani dzanja apa, kumanzere, pansi pa nthiti. Pamenepa ndi pamene pamakhala kapamba. Kwa munthu wathanzi simungamukhudze, amabisala kuseri kwa nthiti. Koma alipo anthu ena amene kapamba wawo amatupa, n'kutsika mpaka pamchombo. M'mimba mumalemera ngati anyamula mwala. Akadya mbamu ziwiri za nsima, akhuta. Akakwera kachitunda, wefuwefu. M'zikope ndi m'manja mwayera mbee.

Madokotala amawatchula matendawa kuti hyperreactive malarial splenomegaly, mwachidule HMS. Gwero lake ndi malungo, koma osati malungo a sabata imodzi. Ndi malungo obwerezabwereza kwa zaka zambiri. Ambirife thupi limafika powazolowera. Kwa anthu ochepa, chitetezo cha m'thupi chimalimbana nawo mopyola muyeso, n'kumapanga asilikali a m'magazi olimbana ndi tizirombo, otchedwa IgM, ochuluka kwambiri. Kapamba, amene ntchito yake ndi kusefa magazi, amagwira ntchito usana ndi usiku mpaka kukula. Akakula amayamba kutsekera ndi kuwononga maselo a magazi abwinobwino. Magazi akutha pamenepo.

Chosokoneza n'chakuti wodwalayo satentha thupi nthawi zonse, ndipo akamuyeza, tizirombo ta malungo nthawi zambiri sitioneka. Ndiye abale amayamba kuganiza zina. Ena amakatemetsa mphini pambali pamimba. Zimandipweteka mtima, chifukwa mphini sizibweza kapamba, pomwe magazi akupitirira kuchepa.

Kuchipatala amayamba afufuza zina zimene zimatupitsanso kapamba, monga likodzo la m'matumbo, matenda a chiwindi ndi khansa ya m'magazi. Chimodzi mwa zizindikiro za HMS ndi kapamba wotsika masentimita 10 kapena kuposa pansi pa nthiti.

Mankhwala ake ndi a malungo, omwa kwa miyezi yambiri, mwinanso zaka, dokotala akuyang'anira. Kapamba amaphwa pang'onopang'ono, magazi n'kubwerera. Mukasiyira panjira, udzudzu ukuluma, amatupanso. Kumuchotsa ndi opaleshoni madokotala amakupewa, chifukwa munthu wopanda kapamba matenda amamugwetsa msanga.

Ngati mayi woyembekezera ali ndi kapamba wotupa, asadikire tsiku la sikelo. Magazi ake angathe kutsika mwadzidzidzi. Apite kuchipatala lero.